Za mankhwala a amayi pa ulendo wa ku Joni

Achemwali mwati amayi akupita ku Joni pa basi kukakhala kwa achimwene anu miyezi iwiri, amamwa a BP, a shuga ndi tramadol wa msana, ndiye mukuopa kuti awalanda pa boda. Salanda chisawawa ayi, bola mukonze zinthu asananyamuke pa Mangochi pano.

Chimene chimatipweteka ife ndi timapepala tapulasitiki timene amatipatsa pa windo la famase tija, angochonga pa kadzuwa ndi kamwezi, dzina la mankhwala alemba ndi bolopeni, sabata imodzi mu handibagi lafufutika. Ine chaka china ndinaperekeza azakhali, iwo osandiuza anakhuthulira mapilisi onse mu kabotolo ka Vaseline ati asataike, ndiye tafika pa boda ina usiku ofisala watsegula, oyera, achikasu, ena odula pakati, akufunsa kuti izi ndi chani azakhali angoti "a mtima bambo". Basi yonse kudikira ife, kondakitala akulalata. Chinatipulumutsa ndi buku la kuchipatala lomwe linali pansi pa chikwama, lonyowa ndi mafuta a usipa koma likuwerengeka.

Ndiye pitani nawo kwa adokotala kapena a clinical officer amene amawaona, awalembere kalata ya Chingerezi yokhala ndi chidindo. Mukhale dzina ngati mmene lilili mu pasipoti, matenda awo, dzina lenileni la mankhwala monga amlodipine kapena metformin, ma mg ake, kangati pa tsiku komanso masiku amene akakhale. Dzina lenilenilo ndi lofunika chifukwa akawathera uko dokotala wa ku Joni sangamve zoti "timapilisi toyera tating'ono". Mujambulenso kalatayo pa foni mutumizire achimwene pa WhatsApp.

Lamulo la ku South Africa ndi loti munthu ukhoza kulowa ndi mankhwala ako bola uli ndi kalata kapena pepala la dokotala. Ndiye kalata ija siyosankha, ndipo pa boda ya Beitbridge polowa mu South Africa anene okha kuti ndili ndi mankhwala awa, osadikira kuti awapeze posecha. Kumbukiraninso kuti asanafike kumeneko adutsa Mwanza ndi Zobue, kenako Nyamapanda, paliponse akhoza kutsegulitsa chikwama.

Amene amadzutsa mafunso kwambiri ndi tramadol, poti ali mgulu la mankhwala amene anthu ena amaledzera nawo, limodzi ndi codeine ndi diazepam. Atenge okwana masiku awo basi, mu kabokosi kake, osaonjezera ati tikagawireko ena. Ndipo apa ndinene poyera poti ife a kuno munthu akamapita ku Joni mudzi wonse umabwera ndi timaphukusi, "kampatseni mwana wanga ku Mayfair". Mpunga ndi nkhani ina, koma phukusi lomata ndi selotepi limene simunaone mkati, kapena mapilisi a munthu wina, amayi akane ngakhale ali apongozi. Akagwidwa, wofunsidwa ndi amene wanyamula.

Mankhwala akhale mu handibagi pamiyendo, osati mu telela kapena pansi pa basi, ulendo ndi wa masiku awiri ndipo nthawi yomwera ikakwana palibe angakumasulireni katundu. Ngati shuga wawo ndi wobaya, insulin amaonongeka ndi kutentha, nanga Tete mmene amaotchera muja, muike mu kakula bagi koma asagundane ndi ayisi, akaundana watha ntchito. Masingano alembedwenso mu kalata.

Kwa enanu amene mukukonzekera Hajj kapena Dubai, uko musatengere za pa basi. Ku UAE, dziko lomwe kuli Dubai, tramadol ndi codeine amafuna chilolezo cha boma la kumeneko chimene umapempha pa intaneti usanakwere ndege, ku Saudi Arabia nakonso amafuna pepala la dokotala laposachedwa ndipo salola kupitirira a masiku 30.

Buku la kuchipatala lija mulikulunge mu jumbo, lisakhale limodzi ndi nsomba kkkk.