Kodi njinga ya olumala ingayende pabwalo la Petulo Woyera ku Roma?

FUNSO: Amayi anga anadwala sitiroko ndipo amayendera njinga ya olumala. Gulu la kuparishi kwathu likupita ku Roma, ndipo iwo akulakalaka kukaona Apapa pabwalo la Petulo Woyera. Kodi njinga ingayende pamenepo? Wowerenga, Matero, Lusaka.

YANKHO: Ingayende ndithu, koma ntchito yaikulu ili kwa wokankha. Bwaloli, lomwe mmisiri wa zomangamanga Bernini anamanga kuyambira 1656 mpaka 1667, n'loyalidwa timiyala takuda totchedwa sampietrini, kalikonse pafupifupi masentimita 12, ndipo pakati pake pali timipata. Mateyala aakulu akumbuyo sadandaula nato. Ovuta ndi timateyala takutsogolo. Kamodzi kakatitimira mumpata, njinga imaima dzidzidzi, munthu n'kugwa chafufumimba. Choncho amayi amange lamba m'chiuno, ndipo pamalo okumbika mupondereze kachitsulo ka kumbuyo kwa njinga, mukanikize zogwirira, timateyala tinyamuke pang'ono. Potsetsereka, tsikani chafutambuyo. Mudzaona mizere ya miyala yoyera yodutsa pabwalo. Ndi yosalala kuposa yakudayo, itsatireni pamene mungathe. Mvula ikagwa yakudayo imaterera kwambiri.

Kugwedezeka kumamasula mabauti, makamaka a zopondera mapazi, ndiye tengani sipanala ndi Allen key (kachitsulo kopindika komangira mabauti), muzimanga madzulo alionse. Mateyala opopa mphepo amachepetsa kugwedezeka kusiyana ndi a labala yolimba. Khushoni yabwino musaisiye, chifukwa mudzadikira maola angapo pabwalo lopanda mthunzi. Pakatha mphindi 30 zilizonse athandizeni kupendekeka kapena kunyamuka pang'ono kuti asachite zilonda. Ambulera ndi madzi zikhale pafupi.

Apapa amakumana ndi anthu Lachitatu m'mawa. Matikiti ndi aulere koma amapemphedwa pasadakhale, ndipo a panjinga amakhala ndi malo awoawo. Mtsogoleri wa gulu adziwiretu za amayi, ndipo mulawirire. Polowa m'tchalitchi cha Petulo Woyera, chomwe chili pabwalo pomwepo, musalimbane ndi masitepe akutsogolo. Mukayang'ana tchalitchicho, kudzanja lamanja kuli njira ya chikepe. Za kukwera kunsonga kwa tchalitchi musaziganizire, popeza chikepe chikathera pamatsalabe masitepe 320.

Kampani ya ndege iuzeni za njingayo kusanatsale maola 48 kuti munyamuke. Mukamaipereka pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda, chotsani khushoni ndi zopondera mapazi mukwere nazo, koma sipanala ipite m'chikwama chachikulu.