Mafunso ndi Mayankho: Ndalama Zipite ku Amplifaya Kapena ku Masipika?

Mwezi uno talandira makalata angapo okhudza zipangizo zodula zomvera nyimbo m'nyumba, zija ambiri amazitchula kuti hi-fi. Tasankhapo atatu, ndipo loyambalo talipatsa malo aakulu chifukwa funso lake ndi limene limabwera kawirikawiri.

FUNSO: A Mkonzi, ndakhala ndikusunga ndalama kwa zaka zitatu kuti ndidzagule zipangizo zapamwamba zomvera nyimbo. Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Leeds, ku Britain, wandipezera amplifaya ya McIntosh yogwirapo kale ntchito, koma ndikaigula ndalama zonse zithera pomwepo, ndipo ndidzapitiriza ndi masipika anga akale amene anabwera pamodzi ndi wailesi ya kaseti. Mnzanga wina akuti amplifaya ndiye mwini zonse, wina akuti ndikufuna kutaya ndalama m'madzi. Ndimvere uti? Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, Zomba.

YANKHO: Bambo, kusunga ndalama zaka zitatu si chinthu chapafupi, choncho ndikuyankhani mosapita m'mbali. McIntosh si dzina wamba. Kampaniyi inakhazikitsidwa mu 1949, imapangira zipangizo zake ku Binghamton m'chigawo cha New York, ndipo amplifaya yake ya mavalavu (timababu tagalasi tokuza mphamvu ya magetsi) yotchedwa MC275, imene inatuluka koyamba mu 1961, ikupangidwabe lero itangosinthidwa mwina ndi mwina. Amplifaya zawo ndi zolimba, zina ndi zolemera moti munthu mmodzi sanyamula, ndipo ine ndimazilemekeza kwambiri. Ngakhale zili choncho, malangizo anga ndi akuti musaigule pakadali pano. Ndalamazo zipite kaye ku masipika.

Ntchito ya amplifaya ndi kulandira kamphamvu kochepa ka magetsi kochokera ku CD, ku foni kapena ku galamafoni, ndi kukakuza popanda kusinthapo kanthu. Akatswiri anaidziwa bwino ntchito imeneyi kalekale, kotero kuti amplifaya ya matransista yopangidwa mosamala, ngakhale ya mtengo wapakatikati, imapotoza mawu ndi mlingo wosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000. Sipika ili ndi ntchito yolemetsa kuposa pamenepo, chifukwa imayenera kusandutsa magetsi kukhala mpweya wogwedezeka umene khutu limamva. Pamene gitala ya besi yagunda chingwe chake chachikulu, mbale ya sipika imapita kutsogolo ndi kubwerera pafupifupi maulendo 41 pa sekondi imodzi, pomwe kasipika kakang'ono kapamwamba, kotulutsa mawu oonda, kamanjenjemera maulendo oposa 10,000 pa sekondi yomweyo, ndipo zonsezi ziyenera kuyamba ndi kuima pa nthawi yake, bokosi nalo lisalowererepo ndi kulira kwakekwake. Apa ndiye pamene mawu amawonongekera kwambiri. Kulumikiza McIntosh ku masipika a wailesi ya kaseti kuli ngati kutunga madzi oyera a pamjigo ndi ndowa ya dzimbiri.

Si maganizo anga okha. Mu 1987 magazini ya ku America ya Stereo Review inafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anthu anamvetsera amplifaya zosiyanasiyana, kuyambira yotsika mtengo mpaka ya madola zikwi zingapo, asakuona imene ikuimba, ndipo mawu atalinganizidwa kuti akwere mofanana. Omverawo analephera kuzisiyanitsa modalirika. Mu 1994 akatswiri awiri, Floyd Toole ndi Sean Olive a kampani ya Harman, anaonetsa mbali ina ya nkhaniyi: anthu omwewo amapereka malikisi osiyana kwa masipika omwewo akamawaona ndi maso kusiyana ndi pamene abisidwa kuseri kwa nsalu. Okonda hi-fi ambiri amatsutsana nazo zimenezi mpaka lero, ndipo ndikuvomereza kuti amplifaya zimasiyana zikapanikizidwa mopyola mphamvu zake kapena zikalumikizidwa ku masipika ovuta kuyendetsa. Koma kusiyana kwa masipika awiri simusowa kukutchera khutu. Ngakhale mwana wodutsa pakhomo amakumva.

Palinso chinthu chimene ambiri amachiiwala, ndicho chipinda. Chaka chatha ndinaitanidwa kunyumba ina kumene mwini wake anali wokhumudwa ndi zipangizo zodula zimene anali atangogula. Pabalaza pake panali pa matailosi, makoma a njerwa opaka pulasitala, mawindo aakulu opanda makatani, ndipo masipika anawakankhira m'makona awiri kuti asatsekereze njira. Ndinaima pakati n'kuomba m'manja kamodzi, ndipo tonse tinamva kamkokomo kolira ngati waya kakutsatira pambuyo. Tinakoka masipika theka la mita kuchoka kukhoma, tinawaika pa timipando kuti kasipika kapamwamba kalingane ndi khutu la munthu wokhala pansi, tinayala kapeti pakati, ndipo tinasuntha sofa kuti mtunda wochoka kwa womvera kufika ku sipika iliyonse ufanane ndi mtunda wa pakati pa masipika awiriwo. Tinaikanso chimbale chomwe chija cha kwaya, ndipo mawu a amayi ndi a abambo, amene poyamba anali ngati phala, anapatukana aliyense pamalo pake. Mwini nyumbayo anakhala chete mpaka nyimbo inatha. Sitinagule kanthu tsikulo.

Chimene chimachitika ndi chakuti mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, amagunda khoma lolimba n'kubwerera, ndipo m'chipinda cha mamita 4 m'litali besi ya pafupi ndi 43 hertz (kugwedezeka maulendo 43 pa sekondi) imadzikundikira, nkukhala yogontha m'kutu mukakhala pafupi ndi khoma koma yozilala mukakhala pakati. Palibe amplifaya, kaya ndi yodula motani, imene ingachotse vuto limeneli pongowonjezera mawati.

Choncho uzani mwana wanu kuti gawo lalikulu la ndalama, tinene magawo awiri mwa atatu, aligwiritse ntchito pa masipika. Ali pamalo abwino, pakuti Wharfedale inayambira ku Yorkshire, chigawo chomwecho kumene kuli Leeds, mu 1932, KEF ku Maidstone mu 1961, Bowers & Wilkins ku Worthing mu 1966, ndipo masipika a makampani amenewa ogwirapo kale ntchito sasowa ku Britain. Ayang'anitsitse mkombero wofewa wozungulira mbale ya sipika: ngati ndi wa siponji, umafumbwa ukakalamba, ndipo kutentha ndi chinyezi cha kwathu kuno zimafulumizitsa kufumbwako, pomwe wa labala umakhalitsa. Zotsalazo agule amplifaya yodalirika ya NAD, Rega, Marantz kapena Yamaha, osaiwala kupatula za mtengo wotumizira ndi msonkho. McIntosh mudzaiganizira m'tsogolo, pamene mudzakhale ndi masipika oti n'kuilandira.

FUNSO: A Mkonzi, m'sitolo ina ndinaona hi-fi yolembedwa kuti 3000W PMPO pa mtengo wotsika, koma amplifaya ina yodula kwambiri yalembedwa mawati 50 okha. Kodi opanga zodulawa sakutibera? Ndine mayi wa ku Limbe.

YANKHO: Mayi, mawati 50 amenewo ndiwo oona. Chiwerengero cha PMPO, chimene amati ndi mphamvu yaikulu imene makina angatulutse pa kamphindi chabe, chilibe muyezo wogwirizana, ndipo kampani iliyonse imachiwerengera mmene yafunira. Mukadzapitanso kusitoloko, pemphani kuti autembenuze makinawo muwerenge kachikwangwani kakumbuyo, pafupi ndi polowera waya wa magetsi. Kawirikawiri mudzapeza kuti makina olembedwa 3000W kutsogolo amakoka mawati osafika ngakhale 100 kuchokera pakhoma, ndipo chipangizo sichingatulutse mosalekeza mphamvu yoposa imene chalandira. Chinyengo chotere chinakula kwambiri ku America mpaka bungwe la Federal Trade Commission linakhazikitsa lamulo mu 1974 lokakamiza opanga kulemba mphamvu imene amplifaya ingapereke mosadukiza. Chiwerengero chimenechi, chimene ambiri amachitcha RMS, ndicho muyenera kufunsa, ndipo chinenedwe pa masipika a 8 ohms (muyezo wa mmene sipika imakanira magetsi), mbali zonse ziwiri zikuimba.

Dziwaninso kuti mawati sakweza mawu monga mmene timaganizira. Mukachoka pa mawati 50 kufika pa 100, mawu amangokwera ndi madesibelo 3 (desibelo ndi muyezo wa kukwera kwa mawu), kusiyana kumene khutu limakumva pang'ono chabe, ndipo kuti amveke okwera kawiri pamafunika mphamvu yochuluka kakhumi. N'chifukwa chake NAD 3020 ya mu 1978, imene inalembedwa mawati 20 okha mbali iliyonse, inakwanira m'nyumba zambirimbiri ndipo ikufunidwabe lero.

Chofunika kuposa ndi kudziwa kuti sipika yanu ndi yadyera motani. Sipika ya Klipschorn, imene Paul Klipsch anayamba kupanga ku Hope, Arkansas, mu 1946, imatulutsa madesibelo pafupifupi 105 ndi wati imodzi yokha, pomwe kasipika kotchuka ka BBC ka LS3/5a kamatulutsa pafupifupi 83. Kuti kafike pamene Klipschorn yafika ndi wati imodzi, kangafune mawati oposa 100, amene sikangawapirire n'komwe. Ndikuchenjezeninso kuti masipika ambiri saphedwa ndi amplifaya yaikulu yokha ayi. Amplifaya yaing'ono ikakwezedwa mpaka kumapeto imayamba kusasa mawu, ndipo kupitiriza kuimba motero kumatentha kasipika kapamwamba. Mukamva mawu ayamba kukanda m'kutu, tsitsani voliyumu nthawi yomweyo.

FUNSO: A Mkonzi, kwathu timadalira sola ndi mabatire nthawi zambiri. Ndimasirira amplifaya za mavalavu ndi za Class A, ndipo m'bale wanga wa ku Texas akuti atha kunditumizira imodzi. Kodi zingatheke? Ndine mnyamata wa ku Mzuzu.

YANKHO: Achimwene, ndikumvetsa kusirira kwanu, pakuti mavalavu akayaka mofiirira madzulo ndipo mawu a woimba akutuluka mofewa, mtima umakhala pansi. Kufewako kwenikweni ndi kupotoza pang'ono kwa mawu kumene makutu ambiri amakukonda, ndipo palibe cholakwika kukukonda. Koma pa batire, amplifaya zoterezi ndi katundu wolemera. Ya Class A imakoka magetsi ofanana kaya nyimbo ikuimba kaya yasiya, ndipo gawo lalikulu, nthawi zambiri magawo atatu mwa anayi kapena kuposa, limangosanduka kutentha. Ya mavalavu imadyanso magetsi potenthetsa mavalavuwo, amene amatha ndipo amafunika kusinthidwa akagwira ntchito maola zikwi zingapo. Kwa inu yoyenera ndi ya Class D, imene imasandutsa pafupifupi magawo 90 pa 100 a magetsi kukhala mphamvu yopita ku masipika. Kale inkanyozedwa, koma ntchito ya katswiri wa ku Belgium Bruno Putzeys ku makampani a Hypex ndi Purifi yachititsa kuti lero ipezeke ngakhale m'zipangizo zapamwamba zedi.

Pa za ku Texas, samalani kwambiri. Magetsi a ku America ndi 120 volts, athu kuno ndi 230, ndipo amplifaya ya kumeneko mukaibaya pakhoma pathu popanda transifoma yotsitsa mphamvu ipsa musanaimve n'komwe. M'bale wanuyo awerenge kumbuyo kwake ngati yalembedwa 100–240V kapena ngati ili ndi kaswichi kosinthira. Inveta yanu ikhale ya mtundu wa pure sine wave, chifukwa zotsika mtengo zija zimachititsa transifoma ya amplifaya kung'ung'uza ndi kutentha. Masiku amene mukugwiritsa ntchito magetsi a pakhoma, akazima zulani pulagi, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo akhazikike. Poyatsa, amplifaya ikhale yomaliza, ndipo pozimitsa ikhale yoyamba, kuti kugunda kwa zipangizo zina kusafike ku masipika anu.