Kwa msuweni wanga wa mafunso, za kudzutsa agogo

Eee, msuweni... ndamva, ndamva. Dikira ndikhale kaye pansi, madzi abwera lero ndiye tikutunga mothamanga asanathawenso. Haa. Eya.

Funso lako ndaliona, lija wati kodi agogo, amene anadwala sitiroko, tikuwadzutsa pabedi anthu awiri kapena mmodzi, poti azakhali akuuza kuti mmodzi akukwana pamene mtsikana wathu akuti awiri. Koma iwe ndimakudziwa, tinadyera mbale imodzi ku Mufakose, ku Harare. Iwe sukufunsa za manja a anthu ayi. Ukufunsa za ndalama zako za pa Mukuru, kuti mayi wachiwiri uja wobwera m'mawa ndi madzulo tikumulipiradi, kapena ine ndikugulira mawigi. Nena zoona! Hahaha. Ayi, sindinakwiye, ukanakhala pafupi ndikanangokutsina basi. Kukhala ku Johannesburg kwakusandutsa wowerengera ndalama wa banja.

Ndalama zikufika, mayi uja akulandira. Malisiti... aa, si malisiti, amasaina kumasamba omaliza a kope. Za kope ndinena, usandithamangitse.

Ukuwakumbukira amalume a ku Rugare? Osati aang'ono, aakulu aja, a ku njanji, a chipewa chosavula. Iwe unali utapita kale nthawi imene anagwa m'tchalitchi? Ayi, unalipo, unali... aa iyayi, unali utapita, chinali chaka cha 2008, ndalama za Zimbabwe zija zili m'zikwama koma osagula kanthu. Ndiye amalume anawapeza ndi BP. Munthu wake ukumudziwa, sankakhulupirira munthu mmodzi. Anapita ku kiliniki ya pafupi, anawalembera khadi, anawapatsa mapiritsi. Sabata inayo anapita ku kiliniki ya kuntchito, osanena kuti ndayamba kale mankhwala, kumeneko khadi lina, mapiritsi ena. Ndiye mlamu wawo uja, wa nkhani ya nyumba ija, anawatengera kwa dokotala wolipira m'tauni. Khadi lachitatu. Lina ankasunga m'Baibulo, lina m'thumba la jekete, lina analipinda n'kuliika mkati mwa chipewa. M'chipewa, msuweni! Ndipo mapiritsi onse ankamwa mokhulupirika, m'mawa uliwonse, ndi tiyi wopanda shuga poti shuga kunalibe.

Lamulungu lina ku CCAP, iwo monga mkulu wa mpingo aimirira kuti awerenge zolengeza. Ayamba bwinobwino, magalasi pamphuno, afika pakuti amayi a Chigwirizano akumana Lachinayi... phi! Pansi. Pepala kwake, magalasi kwake. Amayi kuyamba kulira ngati maliro achitika kale, wina akuwakupiza ndi buku la nyimbo, wina wathamangira madzi. Azakhali, omwewa akukuimbirawa, pomwepo anali atamudziwa kale wowalodza. Ati ndi aja a ku Dzivarasekwa, si paja anakangana pa maliro a agogo aamuna. Miyezi ingapo sanalankhulane nawo, ndipo mpaka lero moni wake ndi wa pamwamba.

Kuchipatala sisita wina wachikulire anangoti pitani mukatenge mankhwala onse amene ali m'nyumba, musasiye ngakhale limodzi. Anabwera nalo jumbo lathunthu, kukhuthula pabedi. Mapaketi osiyana, mitundu yosiyana, koma ena mwa iwo mankhwala ake amodzimodzi. BP inatsika mopitirira, munthu akaimirira chizungulire. Sisita uja akuti, sekuru, mwachitiranji zimenezi? Amalume osachita manyazi, akuti mwana wanga, kwathu timati mutu umodzi susenza denga. Hahaha! Ndipo mpaka kumwalira kwawo ankakana, ankati chinawagwetsa ndi tayi, inawathina pakhosi.

Koma taganiza, pa madokotala atatu aja palibe analakwa. Aliyense analemba zoona pa khadi limene analiona. Kungoti palibe anaona la mnzake.

Ndiye... ndimati chiyani? Eya, agogo. Atangotuluka m'chipatala muja nyumba ino inali ngati chipewa cha amalume. Pepala lotulutsira linali m'chikwama cha azakhali. Zimene ananena afiziyo, aja ophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, zinali m'mutu mwa amene anawaperekeza tsiku limenelo. Pakhoma panali pepala lina limene analemba achimwene atafunsa mnzawo. Pagulu lathuli la pafoni aliyense akuponya kavidiyo kake. Wobwera m'mawa akudzutsa mwa njira yake, wamadzulo mwa njira ina, agogo pakati. Ndipo agogo ukuwadziwa, aliyense amamuuza kuti iweyo ndiye ukutha, kuti asamukhumudwitse.

Tsono mvera apa. Pano pali kope limodzi, lachikuto cholimba, limakhala pawindo kumutu kwa bedi, bolopeni yomangirira ndi ulusi. Zimene zili m'kopemo ndi zimene tikuchita. Zimene mulibe, sitichita, kaya wanena ndani.

Pepala la kuchipatala tinalimata patsamba loyamba. La pakhoma tinang'amba. Afiziyo akabwera amalemba okha ndi dzanja lawo, deti pamwamba, dzina pansi. Akasintha kanthu amadula zakale ndi mzere umodzi, osafufuta, kuti tizionabe kuti kale zinali bwanji. Ife timalemba kumbuyo zimene taona, monga lero adya pang'ono, lero anadandaula phewa, koma malangizo akutsogolo sitikhudza. Osintha ndi afiziyo kapena anesi basi.

Ndipo mmene kopelo likunenera lero, kuchoka pabedi kupita pa chikuku ndi anthu awiri. Mbali yakumanzere ija sinabwerere. Chikuku chimaima kumanja kwawo, mbali yamphamvu, mabuleki omanga. Amayamba akhala kaye m'mphepete mwa bedi, mapazi onse pansi, chizungulire chithe, atavala nsapato osati masokosi, paja pansi pathu ndi popaka Cobra. Dzanja lakumanzere palibe kulikoka, ndipo palibe kulowetsa manja m'khwapa n'kunyamula. Ukudziwa chifukwa? Sitiroko ikagwira mkono, minofu yogwira phewa imalefuka, ndiye ukakoka fupa limatha kusuntha pamalo pake, ululu wake ndi wa miyezi. Komanso asamakukolowekere manja m'khosi, mungagwe nonse, msana wako n'kuthera pomwepo. Kuwatembenuza pabedi ndi maola 2 aliwonse, wotembenuza amalemba nthawi ndi mbali. Timayang'ana zidendene, m'chiuno, kumunsi kwa msana. Pakafiira, ukadina ndi chala osasintha mtundu, chilonda chayamba, timaimbira anesi.

Azakhali sakunama kwenikweni... mmm, ndinene bwino, paja amva uthengawu. Zakhali, moni! Tsiku lija anaona afiziyo akuwaimiritsa agogo okha. Zoona. Koma uja ndi katswiri, amayesa kuti aone pamene mwendo wafika, ndipo atamaliza analembabe kuti awiri. Mwina mwezi wamawa adzalemba kuti mmodzi, tidzasangalala tonse, ndi thumba lako lomwe. Koma mpaka alembe.

Ndiye ukamva zosiyana usamafunse kuti akunena zoona ndani, azakhali kapena mtsikana kapena ineyo. Uzifunsa kuti kope likuti chiyani, pa deti liti. Ngakhale ine ndikakuuza za pamutu usandikhulupirire, undiuze ndikajambule tsamba.

Aa, ndi zithunzizo samala nazo. Chija uli nacho mufoni ndi cha mwezi watha, kuyambira pamenepo pasintha za mtsamiro wa pansi pa mkono. Chithunzi chimakalamba, kope ndi limene limayenda ndi agogo, ngakhale popita ku sikelo yawo timalitenga. Sikelo... hahaha, ndanena ngati ndi khanda, ndimati tsiku lawo lokaonana ndi adokotala. Ndikatumiza chatsopano, chakalecho ufufute, usachisunge m'chipewa.

Ukabwera pa Khirisimasi, usanawagwire agogo ndi mphamvu zako za ku jimu zija, udzayamba wakhala pampando n'kuwerenga kope. Achimwene anawerenga, abusa atabwera kudzapemphera n'kufuna kuthandiza kuwakhazika tinawawerengetsa, iwenso udzawerenga. Kope limodzi, pawindo, basi.

Chabwino, bandulo ikutha ndipo ndowa yasefukira uko. Ukamatumiza za mwezi uno uwonjezereko pang'ono ya matewera akuluakulu, atsala paketi imodzi. Wigi ndigula ndekha.