Bwanji amapopera gasi pansi pofuna mafuta?

Bambo wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe anditumizira imelo. Akuti ali pamzere wa petulo adamva anthu akukangana zoti kunja amapopera mpweya m'nthaka kuti mafuta atuluke. Funso lawo n'lakuti: ngati mafutawo ali ngati nyanja pansipo, bwanji osangomiza paipi n'kukoka?

Bambo, pansi kulibe nyanja ya mafuta. Mafuta amakhala m'timibowo ta mwala, makamaka mwala wamchenga ndi walaimu. Tengani njerwa yowotcha muiviike mundowa. Muona tithovu tikutuluka, madzi akulowa m'timibowo tosaoneka ndi maso, ndipo mukaivuula madzi ambiri atsalira momwemo. Mwala umagwira mafuta chimodzimodzi.

Chitsime chikangobooledwa, mafuta amakwera okha chifukwa chopanikizika, koma otuluka motere ndi pafupifupi 10 peresenti basi. Kenako amathira madzi kuti akankhe otsalawo, komabe nthawi zambiri oposa theka amakakamira mumwala.

Gasi amabwera pamenepa. Pakuya kopitirira mamita 800, gasi wotchedwa carbon dioxide sakhalanso ngati mpweya wamba. Amathinana, n'kusungunuka m'mafutamo. Mafuta amafufuma, amasiya kunata, n'kuyamba kuyenderera kupita kuchitsime chotulutsira. Ku Texas adayamba zimenezi mu 1972 pamalo otchedwa SACROC. Ku Weyburn, m'dziko la Canada, kuyambira 2000 mpweyawu umabwera m'mapaipi kuchokera kufakitale ya ku Beulah, North Dakota, mtunda wa makilomita oposa 300. Ku Cantarell, Mexico, adasankha gasi wina wotchedwa nitrogen, koma uyu ntchito yake yaikulu inali kubwezeretsa mphamvu yokankha.

Chimene okangana pamzerewo mwina sadatchule n'chakuti gasi ndi waphuma. Akapeza mng'alu amathamangira momwemo, kusiya mafuta pambali, n'kukatulukira kuchitsime chija chimanjamanja. Popeza ndi wopepuka, amakondanso kukwera kumtunda kwa mwalawo, mafuta apansi osawakhudza n'komwe. N'chifukwa chake akatswiri amasinthanitsa: gasi kwa kanthawi, kenako madzi oti atseke njira zachidulezo, kenako gasi. Wotuluka limodzi ndi mafuta amamulekanitsa n'kumubwezera pansi, chifukwa kumugula n'kodula.

Kwathu kuno nkhaniyi idakali patali, chifukwa njirayi kawirikawiri ndi ya zitsime zotopa. Boma lidapereka ziphaso zofufuzira mafuta pa Nyanja ya Malawi ku kampani ya Surestream Petroleum mu 2011, koma chitsime chotulutsa mafuta tilibe, ndipo petulo wathu amalowa kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam.