Chifukwa chake gawo la ulimi pa mpweya wa nitrous oxide lakula ku Ulaya

Bambo, mwafunsa kuti zikutheka bwanji kuti ku Ulaya, kumene kumatchuka ndi malamulo okhwima oteteza chilengedwe, gawo la ulimi pa mpweya wa nitrous oxide, umodzi mwa mipweya yotenthetsa dziko, likhale lalikulu lero kuposa mu 1990, komanso ngati zimenezi zikusonyeza kuti alimi a kumeneko akuwononga kuposa kale. Sizili choncho ayi, ndipo chimene chikusokoneza ndi mawu akuti gawo. Tiyerekeze kuti pamaliro mudzi wanu wasonkha malichero 6 a ufa, mudzi woyandikana nawo n'kusonkha 4. Apa gawo lanu ndi 60 pa 100. Pamaliro ena inu mukasonkha malichero 5, anzanuwo n'kubweretsa limodzi lokha, gawo lanu lapitirira 80 pa 100 ngakhale kuti ufa wanu wachepa. Zimene zinachitika ku Ulaya ndi zomwezi, ndipo mudzi umene unachepetsa kwambiri msonkho wake ndi wa mafakitale.

Mu 1991, akatswiri awiri a ku California, Mark Thiemens ndi William Trogler, anaonetsa kuti mafakitale opanga asidi amene amapangira nayiloni ankatulutsa mpweyawu wambiri ndithu. Popeza mafakitale otere anali owerengeka, ndipo mpweyawo unkatulukira pa chumuni chodziwika, sizinali zovuta kuika makina ouphwanya usanapite m'mlengalenga, ndipo makampani akuluakulu anachitadi zimenezi m'zaka za m'ma 1990. Kenako ntchito yomweyo inafika ku mafakitale opanga asidi wa nitric, amene ambiri mwa iwo amapangira feteleza, ndipo kuyambira mu 2013 bungwe la European Union linaika mafakitale onsewa pansi pa lamulo lakuti azikhala ndi chilolezo cha tani iliyonse ya mpweya umene atulutsa. Lipoti la mu 2024 la Global Carbon Project, gulu la akatswiri ofufuza za mipweya yotenthetsa dziko, linapeza kuti Ulaya wachepetsa mpweyawu ndi 31 pa 100 kuchokera m'zaka za m'ma 1980, makamaka chifukwa cha mafakitalewo.

Munda ulibe chumuni, ndipo apa ndi pamene pagona vuto lonse. Mpweya wa m'munda umapangidwa ndi tizilombo ta m'nthaka tosaoneka ndi maso, timene timadya nayitirojeni amene mbewu yalephera kuyamwa, kaya wachokera ku feteleza, ku manyowa, ku mkodzo wa ng'ombe kudambo kapena ku zotsalira za mbewu zikamaola. Tizilomboti timagwira ntchito kwambiri nthaka ikanyowa mpaka kusowa mpweya, monga zimakhalira mvula yamphamvu ikagwa feteleza atangothiridwa kumene. Akatswiri a IPCC, bungwe la United Nations loona za kusintha kwa nyengo, powerengera amatenga kuti pa makilogalamu 100 aliwonse a nayitirojeni wothiridwa m'munda, pafupifupi kilogalamu imodzi imathawa mwa njira imeneyi. Zikumveka ngati zochepa, koma tani imodzi ya nitrous oxide imatenthetsa dziko mofanana ndi matani 273 a carbon dioxide pa zaka 100, ndipo mpweyawu ukakwera umatha zaka zoposa 100 usanaphwanyike, kwinaku ukuwononganso ozone amene amatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa.

Alimi a ku Ulaya nawonso anachepetsa, kungoti pang'onopang'ono. Maboma a chikomyunizimu atagwa kum'mawa kwa Ulaya cha m'ma 1990, feteleza wotsika mtengo anatha, ziweto zinachepa, ndipo mpweya unatsika popanda amene anakonza. Kumadzulo kunabwera lamulo la mu 1991 loteteza madzi, limene linaletsa kuthira manyowa opitirira makilogalamu 170 a nayitirojeni pa hekitala pa chaka m'madera amene madzi ake ali pa chiopsezo. Lamuloli cholinga chake chinali zitsime ndi mitsinje, koma mlengalenga unapindula nawo. Mmene ndikuonera ine, ntchito yosavuta inatha kalekale, ndipo yatsala ndi ya minga, monga tinaonera ku Netherlands mu 2019 ndi mu 2022 pamene alimi anatseka misewu ndi mathirakitala pokana mfundo za boma zochepetsa nayitirojeni ndi ziweto.

Padziko lonse zinthu zinayenda mosiyana ndi za ku Ulaya, chifukwa lipoti lomwe lija linapeza kuti mpweya wochokera ku zochita za anthu unakwera ndi 40 pa 100 pakati pa 1980 ndi 2020, ndipo ulimi unali ndi 74 pa 100 ya mpweyawo m'zaka za m'ma 2010, China ndi India ali patsogolo. Kumeneko gawo ndi kuchuluka komwe zikuloza kwa mlimi.

Wina anati mwina ife a ku Malawi tisiye feteleza, koma ndikuona kuti maganizo amenewo ndi olakwika. Pamsonkhano wa ku Abuja, ku Nigeria, mu 2006, atsogoleri a mu Africa ankadandaula kuti alimi a mu Africa ankathira pafupifupi makilogalamu 8 okha a michere ya feteleza pa hekitala, ndipo ankafuna afike pa 50, zomwe zikusonyeza kuti nthaka yathu ili ndi njala, osati kukhuta. Chimene tingatengepo ndi kathiridwe. Mlimi amene amabaya ndi kamtengo pambali pa phando, kuthira Urea wobereketsa ndi kapu yoyezera chimanga chikafika m'mawondo, n'kukwirira bwino, amataya nayitirojeni wochepa kuposa amene amangomwaza pamwamba mochedwa, kapena kuthira m'munda umene wachita lowe madzi ali nde m'makwawa. Ndipo amene wabzala chimanga pamene chaka chatha panali mtedza, soya kapena nandolo amapeza nthaka ili kale ndi chakudya, choncho thumba lomwelo la makilogalamu 50 limamufikitsa patali.