Njinga yamoto yotentha injini pokwera Thabwa

Achimwene, mwati njinga yanu yamoto ikufooka ndi kutentha injini pokwera Thabwa ku Chikwawa. Yambani ndi fyuluta ya mpweya ndi oilo, musathamangire kumasula injini. Kufooka ndi kutentha mukunenako pa chikweza cha Thabwa kawirikawiri kumayambira pamenepo. Fumbi la ku Ngabu ndi Nchalo limatseka fyuluta msanga, mukaitulutsa muipeza yofiira ngati njerwa. Oilo nayenso amatha mphamvu ndi kutentha kwa kuchigwa kuno, ine ndimasintha nthawi yolembedwa m'buku la njinga isanakwane. Pa njinga ya mtundu wa cruiser ya injini ya V-twin (ya masilinda awiri okhala ngati chilembo V, ina kutsogolo ina kumbuyo) yozizira ndi mphepo, silinda yakumbuyo ndiyo imavutika chifukwa mphepo siifika bwino, ndiye tsukani matope m'mipata yake injini itazizira. Musathire madzi ikadali yamoto, chitsulo chingang'aluke. Koma mukamva kugogoda mkati, kapena utsi wabuluu ukamatuluka, pitani nayo kwa makaniko akayeze mavalavu ndi mapisitoni.