Tifunseni za Zisudzo: Imvi Pasiteji ndi Ndalama za Pageti

FUNSO: Ndili ndi zaka 61 ndipo ndakhala m'gulu la zisudzo la kwathu kuno kuyambira ndili mnyamata. Masiku ano mawu a m'sewero akundithawa m'mutu, komanso okhala kumbuyo m'holo akuti sakundimva. Ana a m'gululi sanena kanthu koma ndikuona kuti akungondipirira. Kodi ndisiye? Bambo wa ku Kawale

YANKHO: Bambo, musasiye. Mavuto anuwa ndi awiri, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake.

Tiyambe ndi kuiwala. Ambiri amaloweza mawu awo okha, atakhala pampando, pepala lili m'manja. Pasiteji munthu sasochera pakati pa chiganizo, amasochera poyambira, chifukwa sanaloweze mawu omaliza a mnzake amene amamuitana kuti ayankhe. Choncho lowezani zonse ziwiri. Gawani mbali yanu m'zidutswa za mphindi 5, chidutswa chimodzi patsiku, ndipo muziloweza muli chiimire, mukuchita zomwe mudzachite: mawu awa ndi a potsamiritsa khasu, awa ndi a pokhala pamphasa. Mutu ukaiwala, miyendo ndi manja zimakumbutsa. Pemphani mdzukulu akujambulireni pafoni mawu a anzanu, akusiya mpata paliponse pamene pali anu, muzimvera m'mawa ndi madzulo n'kumayankha mokweza.

Patsiku la sewero ikani munthu kuseri kwa katani ali ndi pepala. Ntchito yake ndi kukuponyerani mawu awiri kapena atatu oyambirira basi, osati chiganizo chonse. Ndipo poti masewero athu a Chichewa amalola kupeka pomwepo, mukasowa mawu pekani, bola mudziwe kumene chochitikacho chikulowera ndi kumubwezera mnzanu mawu amene akudikira. Mukapanda kutero mumuponya m'dzenje iyeyo.

Za kusamveka, kukuwa kungokusasitsani mawu. Mpweya uchokere m'mimba, osati pakhosi. Gonani chagada, ikani buku pamimba, pumani mpaka bukulo likwere, kenaka tulutsani mpweya pang'onopang'ono mukuwerenga mokweza kufika 20. Chitani kakhumi patsiku. Chinanso, akuluakulu ambiri amameza mapeto a mawu ndi kuyankhula atafulatira anthu. Popanga pulakatisi mukhazike mmodzi pabenchi yomalizira, azikweza dzanja akaphonya liwu. Mawu akasasa kupitirira masabata atatu, kapena ngati inuyo simukumva bwino anzanu, kaonaneni ndi achipatala. Nthawi zina chimene timati kuiwala chimakhala khutu.

Kenaka sinthani mbali. M'masewero athu mumakhala mfumu, nkhoswe, agogo kapena sing'anga, ndipo achinyamata amachita kudzithira ufa kumutu kuti aoneke okalamba. Inu imvi muli nazo kale. Mbali ya mphindi 15 yoseweredwa bwino iposa ya ola lathunthu yopunthwapunthwa. Nthawi yotsalayo muzitsogolera pulakatisi ndi kuphunzitsa mmodzi kapena awiri mbali zomwe munkatenga. Gulu la zisudzo lotchedwa Kwathu la ku Blantyre lakhala zaka zoposa 40 chifukwa akale sanathawe: malemu Eric Mabedi, amene tonse tinkawadziwa kuti Jakobo, anali akulitsogolerabe mpaka pamene anamwalira mu 2021.

FUNSO: Gulu lathu lili ndi anthu 14. Tikangoonetsa sewero timayambana pa ndalama za pageti, ndipo chaka chino atatu achoka. Titani? Mayi wa ku Area 25

YANKHO: Mayi, magulu ambiri safa ndi kusowa luso, amafera pagetipo. Nkhanga zinapangana kusanapse. Khalani pansi musanasankhe n'komwe sewero lotsatira, mulembe malamulo osapitirira masamba awiri, aliyense asaine.

M'malamulomo mulembe ndondomeko ya kagawidwe. Poyamba zibwezedwe zonse zimene zalowa: kubwereka holo, zimkuzamawu, mafuta a jenereta, galimoto yonyamula katundu, mapositala. Amene anakongoza gulu ndalama yake abwezeredwe apa, ataonetsa lisiti. Pa zotsalazo, ife timalangiza kuti K30 pa K100 iliyonse ilowe m'thumba la gulu, chifukwa popanda thumbali sewero lililonse mudzaliyamba ndi ngongole. Zinazo mugawane poona kaundula wa pulakatisi, osati kukula kwa mbali. Amene wabwera maulendo 18 mwa 20, kaya ntchito yake ndi yokoka katani, alandire kuposa katswiri amene waoneka kasanu. Poyamba zimawawa, koma kujomba kumatheratu.

Pageti paime anthu awiri amene sakusewera tsikulo, ndipo asakhale apachibale. Mmodzi agulitse matikiti, wina ang'ambe. Matikiti akhale a manambala ndi achidindo. Lembani nambala yoyamba musanatsegule chitseko ndi yomaliza sewero likafika pakati, ndiye aliyense atha kuwerengera yekha ndalama zoyenera kupezeka. Pobowoka kwambiri ndi pa "ameneyu ndi mlamu wanga, alowe". Mpatseni wosewera aliyense matikiti aulere awiri, zithere pomwepo. Olipira pa Airtel Money kapena Mpamba atumize pa nambala imodzi ya gulu, osati ya wapampando. Werengani ndalama tsiku lomwelo, m'holo momwemo, onse akuona. Zikagona kunyumba kwa munthu, ngakhale wokhulupirika chotani, mawa pabuka manong'onong'o.

Muikenso pa bajeti chilolezo. Lamulo la 1968 loona za zisangalalo limafuna kuti sewero loonetsedwa kugulu likhale ndi chilolezo cha Censorship Board, bungwe la boma loona zoyenera kuonetsedwa, ndipo ngati muziimba nyimbo za eni ake pa zimkuzamawu, a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, nawo ali ndi gawo lawo. Kafunseni kukadali mwezi.

FUNSO: Tikufuna kuonetsa sewero mu Januwale m'holo ya malata yopanda siling'i. Pali choopsa? Mnyamata wa ku Chinsapo

YANKHO: Chilipo achimwene, ndi mvula. Ikagwa yamphamvu pamalata, ngakhale maiki sapulumutsa. Ngati tsiku silingasunthe kufika mu Meyi, konzekerani gule ndi ng'oma zoti mulowetse mvula ikalimba, ndipo gwirizanani chiganizo chodzayambirapo ikachepa. Yambani 2 koloko masana kuti magetsi akathima kuwala kwa m'mawindo kukwanire, komanso anthu apeze minibasi kusanade. Jenereta muiike kunja, kutali ndi mawindo ndi zitseko, pa chingwe cha mamita 20 kapena kuposa, chifukwa cha phokoso ndi utsi wake umene umapha m'malo otsekeka. Muiyese dzulo lake zimkuzamawu zonse zitalumikizidwa, osati ili yokha.